Pisitoni Yonyezimira pa Maliro a Bambo

Ndinadzuka tambala asanalire. Kunena zoona sikunali kudzuka kwenikweni, chifukwa tulo ta pasiwa ndi tongoba utatsamira khoma. Nyali inali pafupi kuzima. Mayi anali atagona chammbali pafupi ndi bokosi, dzanja limodzi lili pachivundikiro. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atagwa mmodzimmodzi pamphasa, ena atafunda nsalu kumutu, ena kukamwa kuli yasa. Mvula inali itakata, koma madzi ankadonthabe kuchokera pamalata. Nditasuntha mwendo, mayi anatsegula maso n'kundifunsa monong'ona ngati wafika. Ndinapukusa mutu, iwo n'kutsekanso maso.

Bambo anamwalira Lachinayi madzulo, ndipo ili linali Loweruka la mwezi wa Febuluwale, chimanga chitayamba kumasula. Anali makaniko wa njinga zamoto kwathu kuno kwa Mwase Lundazi zaka zoposa makumi atatu. Ankakonza iliyonse, koma mtima wawo unali pa tinjinga tija timene petulo wake amasakaniza ndi oyilo, tolira mokwera ndi kusiya utsi wabuluu m'mbuyo. Ine ndine mwana wawo woyamba, Tiwonge. Ndinayamba kuwatsukira zitsulo ndili ku pulayimale, ndipo maso awo atayamba kuchita chifunga, ntchito yambiri ya m'shedi inagwera m'manja mwanga. Anthu ankabweretsa njinga, ine n'kukonza, iwo n'kukathokoza bambo.

Tinabadwa awiri. Amene mayi ankafunsayo ndi mlongo wanga Yotamu, mlonda wa nyama zakutchire, amene nthawi imeneyo anali pamsasa wina kupitirira kwa Chikomeni, m'malire a nkhalango ya Lukusuzi, kumene foni imagwira ntchito ya tochi basi. Tsiku lonse la Lachisanu tinali kuyang'ana kumsewu. Sitinatume munthu, chifukwa bambo aakulu anali atanena pafoni Lachinayi lomwelo kuti za Yotamu tiwasiyire iwo, amadziwana ndi anthu, uthenga ufika. Atabwera anabwerezanso mawu omwewo pamaso pa aliyense.

Bambo aakuluwa ndi mkulu wawo wa bambo. Amakhala ku Lusaka, ndipo panali patatha zaka khumi ndi chimodzi asanapondeko kumudzi. Miyezi inayi imene bambo anadwala sanabwere. Anatulukira Lachisanu masana pagalimoto yotsika kwambiri, ali ndi mwana wawo wamwamuna, munthu wandevu zake, amene iwo amamutchula kuti Injiniya chifukwa anakhalako chaka chimodzi pakoleji ina ya zamakina. Asanakhale n'komwe pansi anali atalanda kale dongosolo lonse la maliro. Ntchito ya mng'ono wawo ankaitchula kuti zamagirisi.

Ndinatuluka panja. Azibambo anali atadzazana m'chigafa cha fodya, mozungulira moto wa nkhuni zonyowa umene unkatulutsa utsi wambiri kuposa kutentha. Usiku wonse ndinkawamva kudzera pakhoma akukambirana za feteleza ndi za mpira, ndipo dzina la bambo linatchulidwa mwina kawiri. Bambo aakulu sanali nawo. Anagona m'galimoto mwawo, magalasi atatseka, mpando ataugoneka. Ndinagogoda mpaka anatsitsa galasi. Nditafunsa kuti anatuma ndani kwa Yotamu, anafufuza m'thumba n'kundionetsa foni. Unali uthenga wolemba, wa mizere iwiri, ndipo foniyo inkasonyeza yokha kuti sunafike.

"Manje ine nichite bwanji, mwana wanga?" anatero. "Netiweki si yanga."

Anawonjezera kuti maliro anyamuka leveni koloko, chifukwa iwo ayenera kukagona ku Chipata, Lolemba ali ndi msonkhano. Kenaka anakweza galasi.

Za galimoto yawo sindinataye nazo nthawi. Ikanathera padambo loyamba. Ndinapita kwa amuna atatu onyamula anthu panjinga amene anagona pamaliropo. Woyamba anati matayala ake ndi osalala, sangalimbane ndi matope a kumeneko. Wachiwiri anati njinga si yake, mwini wake amaletsa kuwoloka nayo mitsinje. Wachitatu anatseka maso n'kuyamba kuliza mkonono umene panalibe ndisanafike. Onse atatuwa bambo ndi amene anawaphunzitsa kusiyanitsa pulagi ndi bauti.

Amene anaimirira anali a Nyirenda, mnzawo wa bambo, amene anapuma pantchito ya ulangizi wa zaulimi. Ndi munthu wa imvi mutu wonse, koma njira za kumeneko anaziyenda panjinga zaka zambiri. Anandilonjera m'Chitumbuka monga amachitira, n'kufunsa ngati njinga ya adada anga ikuyenda. Njinga imeneyo ndi ya matayala a mano, yopepuka moti amuna awiri akhoza kuinyamula pamtsinje. Anati ikalira, iwo apita.

Ndinkadziwa kuti inali yophwasula. Silinda yake inali itakandika m'kati, ndiye bambo asanadwale anaitumiza ku Chipata kuti akaikulitse pang'ono ndi kuisalaza. Inabwerako iwo ali kale gone, ndipo ine ndinalibe mtima woimanga popanda iwo. Ndinkaganiza kuti ndikafulumira, dzuwa lituluka a Nyirenda ali panjira. Koma nditatsegula shedi ndinapeza njinga itaima yomangamanga, yopukutidwa bwino, kansalu koyera katamangidwa pamahandulo.

Injiniya anatulukira kumbuyo kwanga akumwetulira. Anaimanga iyeyo dzulo lake, chifukwa bambo ake anamuuza kuti njingayo ikhala yake, ndipo ankafuna kuikwera patsogolo pa maliro. Anaitulutsa pabwalo, anaikwera, n'kuyamba kuponda kiki. Anaponda kakhumi, anavula jekete, anapondanso kakhumi. Njinga inatsokomola kamodzi n'kukhala chete.

Kunja kunali kutayera, ndipo azibambo anatuluka m'chigafa kudzazungulira. Aliyense anasanduka makaniko. Wina anati petulo ali ndi madzi. Wina anati pulagi yafa. Mkulu wina amene sanakhalepo ndi njinga ngakhale yakapalasa anati aikankhire potsetsereka. Panapezekanso wonena motsitsa mawu kuti mwini wake sakufuna kuti ichoke pakhomo. Ine ndinali kuyang'ana phazi la Injiniya. Kiki inkatsika mofewa, popanda chobweza phazi, ndipo injini yotero siikhala kuti yasowa moto kapena petulo. Imakhala kuti yasowa mpweya.

Nditalowa kukatenga geji yoyezera mpweya m'bokosi la zida, azakhali ena a kuchimuna ananditsekera pakhomo la shedi. Anati mwana wamkazi wa malemu malo ake ndi m'nyumba, pafupi ndi mayi ake, osati kumagwira zitsulo anthu akuona. Ndinawafunsa ngati mwana wamwamuna wa malemu malo ake ndi kutchire. Sanasunthe, ndiye ndinawalambalala.

Geji imeneyo bambo ankaisunga m'sokosi yakale, ndipo sankabwereka munthu. Ankadana ndi amakaniko olota, amene amasintha pulagi, kenaka kabureta, kenaka china, mpaka mwayi utawagwera. Iwo ankayamba ayeza. Ntchito yake si yovuta. Pisitoni ikamakwera m'silinda imapanikiza mpweya, ndipo kupanikizako ndi kumene timati kompuresheni. Mpweya ukamathawira m'mbali, petulo sayaka bwino. Umachotsa pulagi, n'kumangirira geji pabowo lake, n'kutsegula moto wonse pahandulo, kenaka n'kumaponda kiki mpaka singano itasiya kukwera. Bambo ankati njinga iyi ikakhala bwino singano imafika cha pa 130, ndipo ikatsika pansi pa 100 usapite nayo kumene sungathe kubwerako wapansi. Ndinakwinya chitenje n'kuponda kasanu ndi kamodzi. Singano inaima pa 60.

Ndinathira kachivundikiro kamodzi ka oyilo pabowo la pulagi n'kuyezanso. Singano inadumpha kufika pa 90. Oyilo amatseka mipata kwa kanthawi, ndiye singano ikakwera choncho umadziwa kuti mpweya sukuthawira pa gasiketi ya pamwamba, ukuthawira m'mbali mwa pisitoni. Ndinafunsa Injiniya kuti anaika pisitoni iti.

"Yanyowani, ya mu katoni," anatero. "Ine siniika vinthu vakudala."

Manati a pamwamba ndi anayi. Nditazula silinda, pisitoni yake ija inaonekera, yonyezimira ngati supuni ya pa ukwati. Ndinaichotsa, n'kuivula maring'i, n'kuilowetsa m'silinda, n'kugwedeza. Inalira kuti gobedegobede moti a kumbuyo anamva. Inali ya saizi ya kufakitale, pamene silinda inali itakulitsidwa ndi theka la milimita. Okulitsawo anali atalemba 0.50 ndi penti yoyera m'mbali mwa silindayo, manambala aakulu oti ngakhale bambo ndi maso awo aja anawawerenga ali pabedi. Kuwonjezera apo, pamutu pa pisitoni pamakhala kamuvi kamene kamayenera kuloza kutsogolo, ku ekizosi. Iye anakalozetsa kumbuyo. Chikhala kuti njingayo inalira, ring'i ikanakodwa pabowo la m'silinda n'kuikandanso, ndipo pamenepo panalibenso chochita. Umbuli wake woyamba ndi umene unatipulumutsa ku wachiwiri.

Bambo ake anali atatuluka m'galimoto, ndipo ankafotokozera anthu kuti ku Lusaka njinga za mtunduwu anazisiya kalekale, mwana wawo anaphunzira za makina aakulu.

M'kabati ya bambo munali mapisitoni awiri a 0.50, okulungidwa m'nyuzipepala ya mafuta. Ina inali ya pamsika, yopepuka, yowala. Inzake inali yotuwa, yosasangalatsa maso, ndipo bambo anaisunga zaka. Nambala yolembedwa pamutu sankaikhulupirira payokha. Ankapaka oyilo m'silinda, n'kuiimika, n'kuisiya pisitoni kuti itsike yokha. Ikagwa ngati mwala, ndi yaing'ono. Ikakana kutsika, idzatupa ikatentha n'kumata uli pakati pa ulendo. Yoyenera imatsetsereka pang'onopang'ono ndi kulemera kwake komwe. Ya pamsika ija inaima pakati, ndinachita kuikankha ndi chala. Yotuwa inatsika bwinobwino. Ndinaika ring'i iliyonse payokha m'silinda n'kuyesa mpata wa pamene milomo yake imakumana. Bambo ankayesa ndi malezala atatu ophatikiza, ndipo analowa mogwira, monga ziyenera.

Poika kakilipu kogwira pini, kanandigwa kawiri m'matope. Ulendo wachiwiri anakatola ndi a Nyirenda, n'kukapukuta pamalaya awo a kutchalitchi. Ndinalozetsa kamuvi kutsogolo, ndinakumanitsa milomo ya maring'i pa timisomali take, ndinatsitsa silinda, ndinamanga manati mopingasa. Geji inawerenga 125. Nditabwezera pulagi, njinga inalira pa kiki yachiwiri, ndipo utsi unadzaza bwalo. Amakaniko a m'mawa aja anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akuuza mnzake kuti iye ananena kale kuti ndi pisitoni.

Ndinathira oyilo wochulukirapo m'thanki, n'kuwauza a Nyirenda kuti pisitoni yatsopano m'silinda yatsopano siifuna kuthamangitsidwa. Asatsegule moto wonse, ndipo ikatentha kwambiri aziima pang'ono. Anavomera ndi mutu, anavala majombo ndi pepala la pulasitiki pamapewa. Pamene ankatuluka pakhomo nthawi inali itapitirira eyiti koloko. Ulendo umenewo nthawi ya chilimwe ndi wa maola awiri, kupita kokha.

Ndinasamba m'manja, koma girisi anatsalira m'zikhadabo, ndipo amayi ena anayang'ana manja angawo tsiku lonse kuposa mmene anayang'anira bokosi. Mayi ndinawauza zoona, kuti uthenga sunafike, a Nyirenda apita. Anangotenga dzanja langa lakudalo n'kuliika pamwendo pawo.

Anthu anayamba kufika dzuwa litakwera pang'ono, ngakhale silinkaoneka chifukwa mitambo inali yotsika. Ena anabwera wapansi nsapato zili m'manja, ena pangolo za ng'ombe, ena anatsika minibasi kumsewu n'kudula m'minda. Amayi ambiri ankayamba kulira akafika pamtengo wa mango wa pamalire, pamene ankadziwa kuti tsopano akumveka, ndipo ankasiya akangopeza pokhala. Sindikunena onse. Panali alimi a fodya ochokera kutali, amene bambo ankawakonzera njinga nthawi ya msika, amene anangogwira mayi dzanja n'kunena kuti pepani, n'kukakhala kumbuyo osaonekanso. Koma ambiri maso awo anali kuseri kwa nyumba, kumene mafuwa anali atayalidwa mzere ndipo mbuzi ziwiri zinali zitasendedwa. Ophika maso anali psu ndi utsi, akupepeza moto ndi zivundikiro, ndipo panali kale mkangano wa amene adye nyama ndi amene adye nyemba.

Onyamula anthu panjinga anafika gulu, oposa makumi awiri, atamanga masamba pamahandulo. Anaima mzere n'kumakoka moto kuti aliyense adziwe kuti abwera. Atatu aja analowa nawo pamzere. Matayala osalala aja anayenda bwinobwino m'matope a pakhomo pathu.

Leveni koloko itakwana, bambo aakulu anayamba kuyang'ana wotchi moonetsera. Apa ndi pamene mkulu wa adzukulu, okumba manda, anafika miyendo ili matope n'kunena kuti m'dzenje mwalowa madzi, ayenera kukapa kaye. Ponena zimenezi anayang'ana ine, osati iwo. Sindinamupemphe, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti madziwo anali ochuluka bwanji. Anatipatsa ola lathunthu. Abusa nawo anaimbitsa nyimbo iliyonse ndime zonse, n'kulalikira mpaka mawu anasasa. Ine khutu langa silinali pa ulaliki. Njinga iliyonse ili ndi kaliridwe kake, ndipo ya bambo ndikhoza kuizindikira ili kutsidya kwa dambo.

Mbiri ya malemu anawerenga bambo aakulu. Chaka chobadwa anaphonya. Anati mng'ono wawo anali mlimi wodzichepetsa amene ankakondanso kuseweretsa tinjinga. Anatchula maudindo awo a iwo eni ku Lusaka, onse, pofuna kusonyeza kuti banjali si la anthu wamba. Analonjeza kuti namfedwa ndi ana sadzasowa kanthu iwo ali moyo, ndipo pamenepo anapukuta maso ndi kansalu kopindidwa bwino. Injiniya ankajambula pafoni.

Kuona nkhope kutatha, cha m'ma wani koloko, ndinagwada pamaso pa akuluakulu a banja n'kupempha kuti chivundikiro chisakhomedwe, tidikire mpaka folo koloko. Ndinalankhula ndi ulemu wonse umene ndinaphunzitsidwa. Bambo aakulu anayankha mokweza, mayi ali pomwepo, kuti thupi layamba kumveka ndipo mvula ikubwera, kodi tikufuna kuchititsa manyazi malemu. Zoti thupi linali litayamba kusintha zinali zoona. Tonse amene tinali pafupi tinkadziwa. Koma maola atatu sakanawonjezera kanthu. Ndinayang'ana akuluakulu aja mmodzimmodzi, anthu amene anadya pakhomo pathu, amene anamuona Yotamu akukwawa. Wina anali kuchotsa matope kunsapato ndi kamtengo. Wina anapeza chochititsa chidwi kumitambo. Mayi anali atawerama, chifukwa namfedwa salankhula pa tsiku limenelo, ndipo onsewo ankadziwa zimenezo.

Ndiyenera kunenanso za ine ndemwe. Ndikanatha kugona pabokosipo n'kukana kuchoka. Ndinaganiza zimenezo, ndipo palibe akanandikoka anthu akuona. Koma mtima umene ndinalimba nawo m'mawa uja unali utandithera. Ndinadzuka, ndinasasa chitenje, ndipo misomali inakhomedwa ine ndikumva.

Tinanyamuka itatsala pang'ono thu koloko. Manda ali kuseri kwa minda, ndipo njira yake ndi yopapatiza, chimanga uku ndi uku. Patsogolo panali a njinga aja, akuliza mahutala ndi kumwaza matope pa amayi a mpingo amene anavala zoyera. Bokosi linayenda pamapewa, amuna akulandirana. Bambo aakulu anagwirako nthawi imene Injiniya ankajambula, mapazi khumi, n'kusiyira ena. Mvula inayamba yamawawa, koma tisanafike inali itakula. Ndinkayenda nditagwira mayi, ndikutembenuka pafupipafupi, koma phokoso la njinga zonse zija silinandilole kumva china chilichonse.

Kumanda zinthu zinayenda mofulumira chifukwa aliyense ankafuna denga. Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe, abusa anawerenga mawu pansi pa ambulera, ndipo ife a banja tinaponya dothi. Makasu anayamba. A njinga anali atazimitsa injini zawo, ndipo pamenepo ndinaimva, kutali, cha kumunsi kwa dambo. Inkalira mofatsa, mosakwera, mosatsika. A Nyirenda anandimvera. Ulendo wonse sanatsegule moto, monga ndinawauzira. Ndaganizapo kambirimbiri kuti chikhala ananyozera mawu anga mwina akanafika nthawi yabwino, mwinanso njinga ikanawafera panjira pisitoni itamata. Sindidzadziwa.

Ndinakuwa kuti aime. Makasu anaima, koma chivundikiro chinali chitakwiririka kale.

Yotamu anadutsa pakati pa anthu ali mu yunifolomu yake, matope mpaka m'chiuno. Ndinamva pambuyo pake kuti a Nyirenda anamupeza akuchapa, asakudziwa kanthu, ndipo kuti pobwera anainyamula njingayo pamitsinje iwiri. Anaima m'mphepete mwa dzenje n'kuyang'ana dothi lofiira. Bambo aakulu anamuyandikira manja atatambasula.

"Tinakuyembekezela maningi, mwana wanga," anatero.

Yotamu sanatembenuke. Analanda khasu kwa mdzukulu amene anali pafupi n'kuyamba kukwirira. Kwathu mwana sakwirira kholo lake, koma palibe anamuletsa, ngakhale azakhali aja. Adzukulu anamusiya yekha kanthawi, kenaka anayamba kumuthandiza mwakachetechete. Sanaleke mpaka mtumbira unakwera. Nkhata zinaikidwa mvula ikugwa, ndipo ya bambo aakulu, yaikulu kuposa zonse, ya maluwa a pulasitiki, inali ndi dzina lawo m'zilembo zazikulu kuposa za dzina la malemu.

Kunyumba anthu anasamba m'manja, anadya, ndipo mbale zitangotha bwalo linayamba kuchepa. Amene analira kwambiri m'mawa ndi amene anayamba kutsanzika. A Nyirenda anakana kudya. Anangopempha madzi otentha oviikamo mapazi, n'kundipepesa kuti anachedwa, ngati kuti wolakwa anali iwo. Kenaka anapita kwawo wapansi, akutsimphina.

Bambo aakulu, amene sakanatha kudikira mpaka folo koloko, ananyamuka faifi itadutsa, chifukwa ankayembekeza mwendo wa mbuzi kuti uwambidwe ndi thumba la mtedza kuti lisokedwe. Analamula kuti zovala ndi zida za malemu zitsekeredwe mpaka iwo atabweranso kudzagawa. Injiniya anazungulira njinga ija kawiri, itaima pakhonde ikudontha matope, n'kufunsa ngati pangapezeke galimoto yoitumiza ku Lusaka. Yotamu anamuyang'ana, ndipo funsolo silinabwerezedwe. Galimoto yawo inatitimira potulukira, ndipo anaikankha ndi alimi a fodya aja.

Pofika madzulo mvula inali itakata. Amayi achikulire atatu amene anatsala kudzagona nafe anali kukhitchini, akulankhula motsitsa. Pabalaza panali mphasa zokhazokha, ndi malo a pakati pamene panali bokosi, amene aliyense ankawalambalala ngakhale panalibe kanthu. Yotamu anakasamba, koma analibe chosinthira. Anachoka kumsasa ndi zimene anavalazo. Ndinalowa kuchipinda, ndinatsegula sutikesi ya bambo imene inalamulidwa kutsekedwa, n'kutenga malaya awo a khaki ndi buluku. Zinamukwana.

Anangondifunsa ngati nkhope yawo inali itasintha, ndipo ndinamuuza kuti ayi, anali ngati agona. Sizinali zoona kwenikweni, ndipo ndikhulupirira anadziwa. Anakakhala pakhomo, pa sitepe, atandifulatira, n'kuyamba kupala matope kunsapato zake ndi mpeni.

Mayi anatuluka kuchipinda kumene anakagona pang'ono. Kunja kunali kusanade kwenikweni, ndipo kuwala kunkalowera pakhomopo. Anaima atagwira khoma.

"Bambo a Tiwonge," anatero, "mwasamba kale?"

Mpeni unasiya kupala. Ndinaona mapewa a Yotamu akuyamba kutembenuka, ndipo ndinaona nkhope ya mayi pamene anakumbukira. Sanalire. Anatsetsereka ndi khoma mpaka anakhala pansi.

"Usatembenuke, mwanawe," anatero. "Khala choncho pang'ono."

Anakhala choncho mpaka kunada.